Kutupa kwa kapamba mwadzidzidzi ndi kusokonezeka kwa mtima: tikupempha nzeru

Nangozo:
Moni nonse a pagulu lino. Ndalemba kuti ndipemphe nzeru kwa inu amene mumadziwa za chipatala, chifukwa zimene zikuwachitikira achimwene anga zatizunguza mutu tonse kubanja. Achimwenewo ali ndi zaka 54, ndipo Loweruka usiku anayamba kumva ululu woopsa pamwamba pa mchombo umene unkabaya mpaka kumsana, uku akusanza mosalekeza ndi kutuluka thukuta lozizira. Titafika nawo kuchipatala anawayeza ndi makina ojambula kagundidwe ka mtima aja otchedwa ECG, ndipo dokotala woyamba anatiuza kuti zikuoneka ngati mtsempha wa mtima watsekeka. Patatha maola anayi, zotsatira za magazi zitabwera, anatiuza kuti vuto lenileni ndi kapamba amene watupa mwadzidzidzi. Lero ndi tsiku lachitatu, ine ndine gadiyani wawo, ndipo m'mawa uno anamwino anena kuti mtima ukugunda mothamanga ndiponso mosalongosoka. Madzi a diripu awachepetsa, chonsecho dzana ankatiuza kuti madziwo ndiwo chithandizo chachikulu. Kodi achimwene ali ndi matenda awiri kapena amodzi, nanga mtima wawo waonongekeratu?

Bambo a Chikondi:
Pepani kwambiri, Nangozo, Mulungu awakhudze achimwene anuwo. Ine ndikudziwa kuti kapamba amatupa chifukwa cha malungo, ndipo mwana wanga wachiwiri anadwalapo zimenezi ali wamng'ono koma za mtima sizinamveke n'komwe. Ndikuona ngati dokotala woyambayo anaphonya, ndipo ndi bwino mufunse ngati malungo anawayeza.

A Jere, kliniko ofisala:
Bambo a Chikondi, apa pali chisokonezo chimene chimachokera m'chinenero chathu chomwechi, ndipo ndi bwino tichichotse tisanapite patali. Dzina loti kapamba timatchulira ziwalo ziwiri zosiyana. China chili kumanzere, kunsi kwa nthiti, ndipo ndi chimene chimakula mwa ana odwaladwala malungo. Chimene akunena madokotala a achimwene a Nangozo n'china: chimagona chopingasa kuseri kwa chifu, pafupi ndi msana, ndipo ntchito yake ndi kupanga insulini yochepetsa shuga m'magazi komanso timadzi togaya chakudya timene timatsikira m'matumbo. N'chifukwa chake ululu wake umapyoza mpaka kumsana, ndipo odwala ambiri amapezako bwino akakhala tsonga n'kuweramira kutsogolo.

Timadzi timeneti timayenera kuyamba kugwira ntchito tikafika m'matumbo. Tikadzuka tili m'kati mwa kapamba momwemo, chiwalocho chimayamba kudzigaya chokha, ndipo ndiko kutupa kumene tikunenaku. Zoyambitsa zazikulu ndi ziwiri, timiyala ta mu ndulu timene timatseka njira yodutsa timadzito, ndi mowa. Kuti titsimikize matendawa pamafunika zizindikiro ziwiri mwa zitatu izi: ululu wa mtundu umene Nangozo wafotokoza, kuchuluka kwa lipase kapena amylase (ena mwa timadzi togaya chakudya tija) m'magazi kopitirira katatu mlingo wake woyenera, ndi chithunzi cha m'mimba chosonyeza kutupako. Mukuona kuti ziwiri zomalizazo zimadikira labotale kapena makina ojambulira, pamene ECG imatuluka m'mphindi zisanu.

Bambo a Chikondi:
Zikomo a Jere, za ziwalo ziwirizo sindinkazidziwa. Komabe funso langa lidakalipo, chifukwa munthu wophunzira sangauze banja kuti mtsempha wa mtima watsekeka kenako n'kudzasintha mawu usiku womwewo. Abale amakhala atalira kale.

A Mbewe, dokotala, Leeds:
Ndikumvetsa kupweteka kwa mtima kumene mukunena, bambo a Chikondi, koma mundilole ndimuikire kumbuyo mnzangayo ngakhale sindikumudziwa. Mwamuna wa zaka 54 akabwera ndi ululu wa pachifu, akusanza, thukuta lili kamukamu, dokotala aliyense wosamala amayamba waganizira za mtima, chifukwa mtsempha wodyetsa mbali ya kunsi ya mtima ukatsekeka, ululu wake nthawi zina umamveka pamimba pomwepo osati pachifuwa. Matenda amenewo amapha m'maola ochepa, choncho ndiwo oyenera kuwathamangira poyamba.

Chimene chimavuta kwambiri n'chakuti kapamba wotupa amathanso kusintha mizere ya pa ECG. Odwala ambiri ndithu amaonetsa kusintha kwakung'ono, ndipo mwa apo ndi apo mizereyo imakwera mofanana ndendende ndi ya munthu amene mtsempha wake watsekeka, koma akamuunika mitsempha amaipeza ili yotseguka bwinobwino. Ngakhale troponin, chinthu chimene timayeza m'magazi pofuna kudziwa ngati mnofu wa mtima wavulala, amatha kukwera pang'ono mwa munthu amene kapamba wake watupa kwambiri. Apa ndi pamene dokotala amaima pamphambano yoopsa. Chithandizo cha mtsempha wotsekeka ndi mankhwala amphamvu osungunula magazi oundana, koma mankhwala omwewo akaperekedwa kwa munthu amene kapamba wake akudzigaya, amatha kuyambitsa kukha magazi m'kati mwa mimba kumene n'kovuta kukuletsa. Ngati mnzangayo anadikira zotsatira za magazi asanapereke mankhwala amenewo, ndiye kuti anachita mwanzeru, ndipo kusintha mawu kwakeko kunali kutsata umboni watsopano.

Nangozo, funso lanu loti matenda ndi awiri kapena amodzi sindingaliyankhe motsimikiza ndili kuno, popeza wodwalayo sindinamuone. Chimene ndingathe ndi kufotokoza njira zimene kapamba amavutitsira mtima, kuti mukamalankhula ndi madokotala awo mudziwe zofunsa. Kutupako sikukhala pamalo amodzi, chifukwa thupi lonse limatulutsa zinthu zolimbana nako, ndipo zinthu zimenezi zimachititsa kuti timitsempha ting'onoting'ono tiyambe kuchucha. Madzi a m'magazi amatuluka n'kukadikha m'mimba ndi kuseri kwa matumbo, nthawi zina malita angapo, pamene enanso akutayika ndi kusanza. Magazi otsala m'mitsempha amachepa, mitsemphayo imafutukuka, BP imatsika, ndipo mtima umathamanga pofuna kukwaniritsa ntchito ndi magazi osakwanira. Mtima wa mnyamata umapirira zimenezi, koma wa munthu wachikulire amene mitsempha yake inayamba kale kuchepa njira umatha kuperewera mpweya, ndipo pamenepo munthu akhoza kukhaladi ndi matenda onse awiri nthawi imodzi.

Njira ina ndi ya mchere wa m'magazi. Kagundidwe ka mtima kamadalira potaziyamu, maginiziyamu ndi kasiyamu. Kusanza kumataya potaziyamu, omwa mowa kwambiri amakhala kale ndi maginiziyamu wochepa, ndipo kasiyamu amatsika mwa njira yodabwitsa: mafuta ozungulira kapamba akagayidwa ndi timadzi tija, amagwirana ndi kasiyamu n'kupanga zinthu zonga sopo m'kati mwa mimba. Mchere umenewu ukasokonekera, mtima umayamba kudumphadumpha. Mufunse ngati anawayeza zinthu zitatuzi, chifukwa ndi vuto lotheka kulikonza.

Nachisale:
Ndawerenga zimene alemba a dokotala misozi ili m'maso, chifukwa kwathu zinachitika mosemphana. Amuna anga, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ali ndi matenda a shuga, ndipo chaka chatha anamva kuwotcha pachifu ndi mseru kwa masiku awiri. Iwo ankati ndi zilonda za m'mimba, monga mmene ambirife timanenera ululu uliwonse wa pamenepo, ndipo ankangomwa mankhwala oziziritsa m'mimba ogula kusitolo. Pamene anzawo anawatengera kuchipatala, anapeza kuti unali mtsempha wa mtima umene unatseka, ndipo ngakhale anautsegula, mbali ina ya mnofu wa mtima inali itafa kale. Lero sangakwere masitepe awiri osapumira. Ine ndikanakonda akanakumana msanga ndi dokotala woganizira za mtima ngakhale molakwitsa, kusiyana ndi masiku awiri amene anataya aja.

Nangozo:
Pepani kwambiri, Nachisale, ndipo zikomo a dokotala ndi a Jere. Ndafunsa masana ano, ndipo andiuza kuti potaziyamu anali wotsika ndipo akumuwonjezera kudzera mu diripu. Dzina la vuto la mtimalo, la kugunda mothamanga ndi mosalongosoka lija, alilemba m'faelo kuti atrial fibrillation. Atajambula m'mimba sanapeze timiyala mu ndulu. Koma za madzi zija sindinamvetsebe, chifukwa ngati magazi achepa m'mitsempha monga mwafotokozera, bwanji akuchepetsanso diripu? Alamu anga akuganiza kuti mwina madziwo atha m'chipatala ndipo akuti tikagule tokha.

Mayi Nkhoma, namwino:
Mwana wanga Nangozo, uwauze alamu akowo kuti asathamangire kukagula kanthu asanafunse sisitala woyang'anira wodiyo. Ndagwira ntchito m'mawodi a anthu akuluakulu zaka zoposa 20, ndipo ndaona kuti diripu imene imapulumutsa munthu tsiku loyamba ikhoza kumumiza tsiku lachitatu. Mitsempha ikamachucha, madzi amene tikuthira sakhala onse m'mitsempha, ena amapita m'mapapo. Mtima ukakhala kuti ukugunda mosalongosoka sutha kukankha madzi ochuluka, ndiye amabwerera m'mbuyo n'kudzaza mapapo, munthu n'kuyamba kubanika. Iwe monga gadiyani ukhoza kutithandiza kwambiri. Uziona ngati akupuma mofulumira kuposa kale, ngati akukana kugona chagada, ngati mapazi ayamba kutupa, ndiponso kuchuluka kwa mkodzo umene akutaya, chifukwa mkodzo ndiwo umatiuza ngati impso zikulandira magazi okwanira. Ukaona kuti papita maola ambiri osakodza, kapena ayamba kulankhula zosamveka, usadikire nthawi yoyendera odwala, kaitane namwino nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku.

A Mbewe, dokotala, Leeds:
Mayi Nkhoma anena zoona, ndipo nkhani ya madziyi ndi imene ife madokotala tasintha maganizo posachedwapa. Kwa zaka zambiri tinkaphunzitsidwa kuti wodwala kapamba azipatsidwa madzi ambiri ndiponso mofulumira. Mu 2022 munatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa WATERFALL, amene anatsogoleredwa ndi dokotala wa ku Spain, Enrique de-Madaria, m'zipatala za ku Spain, Italy, India ndi Mexico. Odwala anawagawa pawiri, ena kulandira madzi ambiri mofulumira, ena kulandira mwapakatikati. Kafukufukuyu anaimitsidwa asanathe, atangofika pa odwala 249, chifukwa mwa olandira madzi ambiri, pafupifupi 20 pa 100 alionse anadzadzidwa madzi mopitirira muyeso, pamene mwa enawo anali pafupifupi 6 pa 100 alionse, ndipo madzi ambiriwo sanathandize kuti kapamba achire msanga. Dziwaninso kuti anthu odwala kale mtima kwambiri sanalowetsedwe n'komwe m'kafukufukuyu, kutanthauza kuti kwa iwo kusamala kuyenera kuposa pamenepa. Choncho kuchepetsa diripu pa tsiku lachitatu mwa munthu amene mtima wake wayamba kudumpha ndi chinthu chimene inenso ndikanaganiza kuchita.

Pali funso limodzi limene ndikufunsani mwaulemu, Nangozo, ndipo simukukakamizidwa kuliyankha pagulu. Popeza timiyala sanatipeze, kodi achimwene amamwa mowa, ndipo ngati amamwa, madokotala awo auzidwa kuchuluka kwake kwenikweni?

Nangozo:
Ndiyankha pompano chifukwa mwina zithandizanso ena. Amamwa, ndipo amamwa kwambiri, makamaka kachasu, pafupifupi tsiku lililonse chimwalirireni mayi athu. Lachisanu ndi Loweruka lomwelo anali kuchinkhoswe kumene anamwa usana ndi usiku. Dokotala atafunsa, alamu anayankha kuti amangolawa pa zikondwerero, chifukwa anachita manyazi pamaso pa anthu a kumpingo amene anatiperekeza. Ine ndinangokhala chete, ndipo tsopano ndikudziimba mlandu.

A Jere, kliniko ofisala:
Musadziimbe mlandu, chemwali, chifukwa zimenezi timaziona tsiku ndi tsiku, koma pitani lero lomwe mukamuuze dokotala kapena namwino pambali, popanda anthu ena. Nkhaniyi ikukhudza mtima mwachindunji. Mowa wambiri womwedwa nthawi imodzi pawokha umayambitsa kagundidwe kosalongosoka kamene kalembedwa m'faelo kaja, ngakhale mwa munthu amene kapamba wake ali bwino, ndipo kumwa kwa zaka zambiri kumafooketsa mnofu wa mtima. Chinanso chofunika kwambiri n'chakuti munthu amene amamwa tsiku lililonse akasiya mwadzidzidzi chifukwa chogonekedwa m'chipatala, thupi lake limavutika kwambiri pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi. Amanjenjemera, amatuluka thukuta, mtima umathamanga, BP imakwera, ena amaona zinthu zimene palibe kapena kukomoka ngati a khunyu. Masiku amenewa ndi omwe achimwene anu alimo panopa. Pali mankhwala oletsa zimenezi, komanso vitamini B1 amene omwa mowa amafunika kupatsidwa kuti ubongo ndi mtima zitetezeke, koma ogwira ntchito sangawapereke pa nthawi yake ngati auzidwa kuti wodwalayo amangolawa.

Agogo a Mphatso:
Ana anga, ine ndili ndi zaka 68 ndipo ndimamwa mankhwala a BP otchedwa hydrochlorothiazide m'mawa uliwonse. Mdzukulu wanga wandiwerengera pa foni kuti mankhwala amenewa amatupitsa kapamba, ndipo nditamva za mwana wa anzathuyu mantha andigwira. Kodi ndisiye kumwa?

A Mbewe, dokotala, Leeds:
Agogo, chonde musasiye. N'zoona kuti mankhwala ena a mtima ndi BP, monga amene mwatchulawo, furosemide ndi enalapril, analembedwapo kuti anatupitsa kapamba mwa anthu ena, koma zimenezi n'zosowa kwambiri poyerekeza ndi anthu miyandamiyanda amene amamwa mankhwalawa popanda vuto. Kuopsa kwa BP yosasamalidwa, monga sitiroko ndi kufooka kwa mtima, n'kwakukulu kutalitali. Chofunika n'chakuti mukadwala matenda otsegula m'mimba kapena kusanza kwambiri, mupite kuchipatala ndi buku lanu la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse, kuti amene akukuonaniyo aone ngati ena ayenera kuimitsidwa kwa masiku ochepa pamene thupi lili louma.

Funso la agogoli landikumbutsa kuti ubale wa ziwalo ziwirizi umayenda mbali zonse. Mtima ukalephera kupopa mokwanira, monga zimachitikira munthu akadwala mtima modetsa nkhawa kapena pambuyo pa opaleshoni yaikulu ya mtima, kapamba amaperewera magazi ndipo akhoza kutupa. Palinso mafuta a m'magazi otchedwa triglycerides, amene akakwera kupitirira 1,000 mg/dL amatupitsa kapamba, ndipo amakonda kukwera mwa anthu a shuga wosasamalidwa, onenepa kwambiri ndi omwa mowa, omwenso ndi anthu amene mitsempha ya mtima wawo ili pangozi. Nangozo, ngakhale mowa ukuoneka kuti ndiwo gwero, mupemphe kuti mafuta amenewa awayezenso.

Bambo a Chikondi:
Ndabweza mawu anga aja okhudza dokotala woyamba, ndipo Nachisale mundikhululukire ngati ndinakutonyolani pabala. Koma funso lachiwiri la Nangozo silinayankhidwe, loti kodi mtimawo ubwerera mwakale. Inenso ndikufuna kudziwa, chifukwa mchimwene wanga wamng'ono amamwa chimodzimodzi.

A Mbewe, dokotala, Leeds:
Yankho limadalira kukula kwa matendawo ndi mmene mtima unalili asanadwale. Mwa odwala 10 alionse, pafupifupi 8 amadwala mtundu wocheperako umene umatha m'sabata imodzi. Malinga ndi ndondomeko ya Atlanta imene inakonzedwanso mu 2012, imene madokotala padziko lonse amagwiritsa ntchito, matendawa amatchedwa aakulu pamene mapapo, impso kapena kayendedwe ka magazi kalephera kwa maola opitirira 48. Chiwalo chikafooka n'kutsitsimuka maola 48 asanakwane, chiyembekezo chimakhala chabwino kwambiri kuposa pamene kufookako kwapitirira.

Kusintha kwa ECG kobwera ndi kapamba nthawi zambiri kumazimiririka kutupa kukatha, ndipo kagundidwe kosalongosoka koyamba chifukwa cha mchere, kuuma kwa thupi kapena mowa kawirikawiri kamabwerera m'malo zoyambitsazo zikakonzedwa. Palinso vuto lina losowa limene madokotala a ku Japan analifotokoza mu 1990 n'kulitcha takotsubo, dzina la mphika umene asodzi a kumeneko amakolera nyama ya m'nyanja ya miyendo isanu ndi itatu, chifukwa mtima umafufuma n'kuoneka ngati mphikawo. Limabwera thupi likapanikizika kwambiri, kuphatikizapo pa kutupa kwa kapamba, ndipo ngakhale limaoneka ngati mtsempha watseka, mwa anthu ambiri mtima umabwerera mwakale m'masabata ochepa. Koma ngati mnofu unafooka kale ndi mowa wa zaka zambiri, kuchira kwake kumadalira kusiyiratu mowawo. Njira yodziwira ndi kujambula mtima ndi makina ofanana ndi amene amaunikira amayi oyembekezera, ndipo ndi bwino kutero wodwala akapezako bwino.

Nangozo:
Ndabweranso patatha masiku asanu kuti ndikudziwitseni. Madzulo omwe aja ndinamuitanira pambali sisitala n'kumuuza zonse za mowa, ndipo sanandidzudzule ngakhale pang'ono. Usiku umenewo achimwene anayambadi kunjenjemera ndi kuona tizilombo pakhoma, koma mankhwala anali atayamba kale kuperekedwa, ndipo pofika Lachinayi anali atadekha. Mtima unabwerera m'kagundidwe kake Lachisanu m'mawa, diripu anaichotsa, ndipo akudya phala ndi nsima yofewa ya ndiwo zopanda mafuta. Akuti atulutsidwa mawa, ndipo atilembera kuti tidzabwerenso pakatha masabata 6 kudzajambulitsa mtima. Chimene chikutidetsa nkhawa n'chakuti shuga wawo anapezeka wokwera kawiri ali m'wodi, chonsecho sanadwalepo shuga. Kodi zimenezi zikukhudzananso ndi mtima?

Mayi Nkhoma, namwino:
Ndakondwera kwambiri ndi uthenga umenewu, mwana wanga, ndipo unachita bwino kulankhula. Shuga amakwera kawirikawiri pamene kapamba watupa, chifukwa chiwalo chopanga insulini ndi chomwecho chimene chavulala, ndipo mwa ambiri amatsika akachira. Mwa ena satsika, kapena amadzakwera patapita miyezi, ndipo shuga amaononga mitsempha ya mtima mwakachetechete, monga zinawachitikira amuna a Nachisale. Pa tsiku lokajambulitsa mtimalo apite m'mawa asanadye kanthu, kuti awayezenso shuga ndi mafuta a m'magazi aja anatchula a dokotala, ndipo upemphe kuti zotsatira za ECG yoyamba ija ndi yomaliza zilembedwe m'buku lawo la kuchipatala musanatuluke mawa, kuti amene adzawaone pa tsikulo adzakhale ndi poyerekezera. Akadzamva ululu womwe uja, kubanika, kapena mtima kudumphadumpha tsikulo lisanafike, mubwerere nawo kuchipatala nthawi yomweyo osadikira deti imene yalembedwa.